Timabotolo Khumi ndi Titatu

Amene anayamba kulakwitsa ndi Dokotala Rudaina, ndipo analakwitsa chifukwa cha mtima wabwino. Anali atalankhula kwa nthawi ndithu, akujambula tizinthu tozungulira papepala, koma nkhalamba ziwiri zimene zinakhala kutsogolo kwake zinkangogwedeza mitu mwaulemu, kugwedeza kwa anthu amene sakutolapo kanthu. Ndiye anaika cholembera pansi n'kufunsa mayiyo ngati kunyumba amapanga chambiko.

Kufunsa Wajiha zimenezo kunali ngati kufunsa mbuzi ngati imaudziwa msipu. M'mudzi mwawo, kumapiri a ku Ajloun, chambiko chilichonse chabwino chinali chidzukulu cha chambiko chake. Roba yake, kambewu ka chambiko kamene mkazi amasiya m'kambale kuti kadzagwiritse mkaka wamawa, anachoka nayo kwa mayi ake tsiku la ukwati, ndipo pa zaka makumi anayi ndi chimodzi inali isanafepo. Amuna ake, a Mifleh, amene anali asanasekepo kwa miyezi itatu, anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Mwafunsa mwini wake, adokotala," anatero. "Mayi awa atati asankhe pakati pa ine ndi roba yawo, ine ndikhoza kukagona m'khola la mbuzi."

Kusekako kunawapweteka, chifukwa anali atangotsala mafupa okhaokha. Zinayamba ndi opaleshoni ya ndulu m'nyengo yozizira. Bala linachita mafinya, anawapatsa mankhwala opha tizilombo, kenako ena, kenako ena amphamvu kuposa amenewo. Bala linapola, koma mankhwala aja anasesa m'mimba monse, tizilombo tabwino ndi toipa tomwe, n'kusiya kamodzi kamakani kamene kanapeza munda wolimalima wopanda mwini. Kuyambira pamenepo kunali kutsekula m'mimba kosatha. Akamwa mapiritsi kachilomboko kankabisala masabata awiri, akasiya kankabwerera. Kanabwerera kanayi, ndipo ulendo wachinayi mapiritsi sanakagwedeze n'komwe. Mwamuna amene ankakwera phiri atasenza thumba la maolivi tsopano ankapuma kawiri pochoka pamkeka kupita kuchimbudzi. Wajiha anali ataboola kale mabowo atatu atsopano pa lamba wawo, ndipo ankachita mantha kuti wachinayi sadzafunika.

"Mankhwala amene tikuyesawa si ophera, Hajja, ndi amoyo," anatero dokotalayo kwa Wajiha, kumuitana ndi dzina laulemu. "Ndi tizilombo tabwino, abale ake a timene timagwiritsa mkaka wanu. Anzathu a kulabu, kumene timapimira tizilombo, atikonza mwapadera kuti tizinunkhiza kachilombo kamene kakuvutitsa amuna anu a Haji n'kukapha iko kokha, osakhudza tinzake. Muziwaona ngati roba yanu. Asaone dzuwa, asalowe m'tiyi wotentha, ndipo piritsi lililonse la kufamase lisadutse pakhosi pawo. Kabotolo kamodzi m'mawa uliwonse, masiku makumi awiri ndi limodzi."

Nkhope ya Wajiha inamasuka. Miyezi yonseyo madokotala ankalankhula zinthu zomudutsa pamutu, ndipo lero lokha anali atalowa m'khitchini mwake. Panali mapepala asanu ndi limodzi oti asainidwe. A Mifleh anali ataiwala magalasi, mwana wawo Nayif anali ku Doha kuntchito, ndipo munthu wodwala m'mimba sakhala pampando kuwerenga zilembo zing'onozing'ono. Anasaina osawerenga. Chimene dokotala sanatchule chinali pa pepala lachisanu, ndipo mapepalawo Wajiha anawapinda bwinobwino n'kuwaika m'kabati, pansi pa nsalu za patebulo zogwiritsa ntchito pa Idi.

Timabotoloto tinabwera m'kabokosi kabuluu ka ayezi, kalikonse kotalika ngati chala, muli madzi oyererako. Wajiha anatulutsa mazira m'firiji kuti tipeze shelefu yaketake.

Tsiku lachinayi a Mifleh anapempha buledi ndi mafuta a maolivi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anakangana ndi mlongo wawo pa foni za mtengo wa nkhuyu wa m'malire, ndipo Wajiha, amene ankadana ndi mkangano umenewo kuyambira ali mtsikana, anaumvetsera ali kukhitchini misozi ili mbwembwembwe. Litakwana Lachisanu, tsiku la mapemphero, anayenda okha ndi ndodo mpaka kumzikiti. Masana ake nyumba inadzaza ndi anthu odzayamika Mulungu, khofi wowawa akuzungulira m'tikapu, ndipo kuchipinda cha amayi Wajiha anafotokoza za mankhwalawo kasanu kapena kupitirira. Anati ndi amoyo, amamva kuzizira ndi kutentha ngati mwana, ndipo dokotala mwini wake, wophunzira mpaka kunja, ananena ndi pakamwa pake kuti ndi roba basi. Akulu amati linda madzi apite ndipo uziti ndadala, koma mkazi amene walandiranso mwamuna wake kuchokera pakamwa pa manda simungamutseke pakamwa ndi mwambi.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chitatu Tamam, mkazi wa kuseri kwa mpanda, analowa atanyamula kambale kopanda kanthu kovundikira ndi kansalu. Kambale kotero sikafuna mawu, ndi kopemphera roba. Roba sagulitsa ndipo samana. Mkazi amene anamanapo mnzake roba amatchulidwabe ngakhale adzukulu ake atamera imvi. Komanso Tamam sanali mnansi wamba. Nayif ali ndi milungu itatu, Wajiha anadwala malungo aakulu mkaka n'kuuma, ndipo ndi Tamam amene anayamwitsa mwanayo miyezi isanu, wake kubere lina, Nayif kubere lina. Mwa lamulo la mkaka ana a Tamam onse anali abale a Nayif, kuphatikizapo Ibtihal, chitsirizira.

Ibtihal ndiye anali vuto. Anabereka ndi opaleshoni miyezi iwiri yapitayo, nayenso anamwetsedwa mankhwala opha tizilombo, ndipo matenda omwewo anamugwira. Anali atabwerera kwa mayi ake, akuyamwitsa khanda uku thupi likutha. Kuchipatala ku Irbid anakapempha kuti alowe nawo m'kafukufuku wa mankhwala atsopano aja, koma anawauza kuti malo adzaza.

Tamam anakhala pansi pafupi ndi khomo la khitchini, sanafune mpando.

"Sindikupempha mankhwala a amuna ako, mchemwali wanga, Mulungu andidule lilime. Ndikupempha mbewu chabe. Si iwe unati adokotala anati ndi roba? Dzulo mwana wanga wakomoka khanda lili m'manja."

Wajiha sanaganize nthawi yaitali, chifukwa kwa iye panalibe choganiza. Chamoyo chimaberekana. Zaka zonsezi supuni imodzi inkadyetsa mudzi wathunthu popanda kuchepa. Anauza Tamam kuti abwere madzulo.

Anakama mbuzi yake yakuda, imene mkaka wake unali wonona kuposa zinzake. Anauwiritsa mpaka unakwera katatu, anautsanulira mu mphika wake wakale wa dothi, umene sopo anali asanaukhudzepo, n'kudikira kuti uzizire mpaka kachala kakang'ono kathe kukhalamo iye akuwerenga mpaka khumi. Kenako anatchula dzina la Mulungu, anatsegula kabotolo ka tsiku limenelo n'kukathira m'mbali mwa mphika pang'onopang'ono, osatakasa kwambiri. Roba yake sanaikemo ngakhale dontho, poopa kuti mbewu ziwiri zingalimbane. Anavundikira, anakulunga mphikawo m'chikhotho chaubweya cha a Mifleh, n'kuuika pakona yopanda mphepo. Anauza amuna ake kuti lero amwa mankhwala madzulo, ndipo tsiku lonse ankayenda monyang'ama pafupi ndi konayo.

Nthawi ya swala, pemphero la madzulo, anavundukula. Mkaka unali utagwira, wolimba, wosalala pamwamba, moti atadula ndi supuni dzenje linatsala chilili. Wajiha anaimika manja kumwamba. Anaona kuti chimene anthu a kulabu amachita ndi makina awo odula iye wachichita ndi mbuzi imodzi ndi chikhotho chakale, ndipo kunyada kunamukwera mpaka m'makutu.

Maganizo ake anali oti mphika upite kwa Tamam, timabotolo khumi ndi titatu totsala tikhale ta mwini wake. Anapatulako kapu imodzi ya a Mifleh, ananyamula mphika, n'kudutsa pabwalo pamene iwo anakhala pansi pa mpesa akuwerenga mikanda yawo yopempherera. Anamuimitsa n'kufunsa kumene mphika ukupita, ndipo iye anafotokoza zonse, akuyembekeza kuyamikiridwa. Mikanda inaima m'zala zawo.

"Umm Nayif, mayi wa Nayif, tandiuza. Za mumphikazo ndi za m'botolo ndi chimodzimodzi?"

"Mwaona nokha mmene wagwirira."

"Sindinafunse mmene wagwirira. Ngati ndi chimodzimodzi, bwanji mwana wa eni ake ukumupatsa za mumphika, ine n'kundisungira za m'botolo? Ngati si chimodzimodzi, bwanji ukunamiza mkazi amene anayamwitsa mwana wako?"

Kukayika kunalipo mumtima mwa Wajiha, kochepa ngati njere ya chitowe, ndipo ndi njere imeneyo imene inamupangitsa kusunga timabotolo. Akanangoitchula, nkhani ikanathera pomwepo. Koma funsolo linamubaya pamalo ofewa. Pa zaka makumi anayi palibe amene anakayikirapo dzanja lake, ngakhale apongozi ake aakazi amene ankakayikira ngakhale mchere. Ndipo tsopano mwamuna amene iye anamuchapira zovala zonyansa miyezi itatu ankamufunsa ngati ndi wabodza.

"Ndi chimodzimodzi, Abu Nayif, bambo wa Nayif."

"Ukunena ndi mtima wonse?"

"Ndati ndi chimodzimodzi."

"Ndiye timabotoloto tipite kwa Ibtihal. M'nyumba ya Mifleh chabwino ndicho chimatuluka pakhomo, eni ake amadya chotsala. Anthu asadzati tinapatsa mayi woyamwitsa zosungunula ife n'kubisa zenizeni m'firiji." Kenako anamwetulira pofuna kumufewetsa. "Komanso tinthu timeneto timakoma ngati madzi otsukira mapazi a mbuzi. Ine bola za dzanja la mkazi wanga."

Wajiha anabweza mphika kukhitchini. Anaika timabotolo m'kabokosi kabuluu kaja, anathiramo ayezi, n'kukanyamula yekha kupita kuseri kwa mpanda. Tamam anafuna kukana, analira, anamupsompsona pamutu. Ibtihal anali gone pamatiresi pansi pa zenera, milomo itauma gwa, ndipo Wajiha atamuona anadziuza kuti amuna ake anena zoona. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, makamaka ameneyu. Anamuphunzitsa Tamam malamulo onse a dokotala, za dzuwa, za tiyi ndi za mapiritsi, osasiyapo limodzi.

Namwino wa kuchipatala ankaimba foni pakapita masiku atatu alionse kufunsa ngati a Haji amwa mankhwala. Wajiha ankayankha kuti amwa, ndipo sankaona kuti akunama. Za Ibtihal sanatchule, chifukwa ankadziwa kuti anthu a m'zipatala amaumira chilichonse, ngakhale mpando wa mlendo.

Masiku atatu oyamba zonse zinali bwino. M'mawa uliwonse ankafesa mkaka watsopano ndi supuni ya chambiko cha dzulo, ndipo madzulo alionse unkagwira mokongola. Tsiku lachinayi a Mifleh anasiya theka la buledi. Tsiku lachisanu Wajiha anaona kuti akupita kuseri pafupipafupi, ndipo atafunsa anati akukaona mbuzi, ngati kuti mbuzi zinasamukira m'chimbudzi. Kenako anati adya maolivi ambiri. Kenako anati dokotala ananena kuti padzakhala masiku abwino ndi oipa, zimene Wajiha sankakumbukira kuti anazimva. Iye anayamba kuwapatsa makapu awiri m'malo mwa imodzi. Anasintha mbuzi. Anawonjezera bulangeti pa mphika. Njere ya chitowe ija inali itakula, koma ankaipondereza ndi ntchito.

Kuseri kwa mpanda nkhani inali ina. Ibtihal anakhala tsonga, anadya msuzi wa mphodza, mkaka unabwerera m'mawere. M'mawa uliwonse Tamam ankasuzumira pampanda n'kudalitsa nyumba ya Mifleh mokweza mawu, kuyambira denga mpaka nkhuku. A Mifleh akamva ankamwetulira, atatsamira khoma, nkhope ili phulusa.

Tsiku lachisanu ndi chitatu chichokereni timabotolo, Wajiha analephera kupirira. Anauza amuna ake kuti aimbire dokotala, kapena apite kwa Tamam akapemphe timabotolo tiwiri tokha. Sanawaonepo atakwiya chotero chiyambire matendawo. Anati mphatso ikatuluka pakhomo sibwerera, ndipo akakalanda mankhwala m'kamwa mwa mayi woyamwitsa, apitirire komweko asabwerenso. Za dokotala anati tsiku lawo lokaonekera lili pafupi, sakufuna kukhala munthu wothamangira kuchipatala chifukwa cha mpweya wa m'mimba. Wajiha anawamvera. Anali atawamvera moyo wake wonse pa zinthu za kunja kwa khitchini, ndipo kuwamvera ulendo uno kunamupulumutsanso ku funso limene ankaliopa.

Anagwa pa tsiku la khumi ndi chiwiri, masana dzuwa likuswa mtengo, pakati pa bwalo. Thupi linali moto, mimba itatupa n'kulimba ngati ng'oma. Mwamuna wa Ibtihal ndiye anawatengera ku Irbid pa galimoto yake yogulitsira masamba. Wajiha anakhala kumbuyo, mutu wa amuna ake uli pamwendo umodzi, mphika wokulunga m'chikhotho uli pamwendo wina, poti sanafune kuti adumphe mankhwala a tsiku lotsatira.

Anawaika pa diripi m'chipinda cha odwala kwambiri, n'kuletsa chilichonse chodutsa pakamwa. Patapita masiku awiri Dokotala Rudaina anamuitanira mu ofesi yake. Sanali kumwetulira. Anati ayeza kawiri, ndipo m'mimba mwa a Haji mulibe ngakhale kachilombo kamodzi ka mankhwala aja, ngati kuti anasiya kumwa kalekale. Anafunsa ngati magetsi anazima, kapena firiji inawonongeka, kapena wina anabweretsa mapiritsi. Wajiha anakana zonsezo. Kenako anawerama, anatenga mtolo umene ankayenda nawo m'makonde a chipatala masiku awiri onsewo, anauika padesiki pamwamba pa mapepala, n'kuvundukula. Anafotokoza mmene anachitira, kuyambira pa mbuzi yakuda mpaka pa mpanda.

Dokotalayo anayang'ana chambikocho nthawi yaitali.

"Hajja, tizilombo timeneti anatipanga dala kuti tisaberekane patokha. Chakudya chimene timadalira chili m'kabotolo momwemo, mu mkaka mulibe, m'mimba mulibe. Chikatha timakhala tsiku limodzi kapena awiri, n'kufa. Anatero poopa kuti tingafalikire m'zitsime ndi m'minda popanda wotiletsa. N'chifukwa chake tinati kabotolo katsopano m'mawa uliwonse."

"Nanga mkakawu wagwira ndi chiyani? Roba yanga sindinaikemo."

"Ndi mphika wanu. Dothi limasunga. Roba yanu imakhala m'makoma mwakemo."

Wajiha anamvetsa nthawi yomweyo, ndipo kumvetsako ndiko kunapweteka. Akanakhala mbuli pa za mkaka akanatsutsa. Koma ankadziwa bwino chifukwa chimene sankatsukira mphikawo ndi sopo. Masiku khumi ndi awiri anali akumwetsa mwamuna wake chambiko wamba, chomwecho chimene ankamwa kuyambira pamene anakwatirana, uku matenda akumudya.

Anafunsa ngati angapatsidwe timabotolo tina. Dokotala anati tinapangidwa towerengeka, ndipo tina tidzafika pakatha milungu isanu. Anati waimba kale mafoni kulikonse kumene akanatha. Anati ngakhale tikanakhalapo lero, matumbo aima, sakulandiranso kanthu, ndipo madokotala a opaleshoni akuopa kuti mtima sungapirire mpeni. Anafunsa dzina la mtsikana amene anamwa timabotolo tija kuti amuyeze, n'kulonjeza kuti za a Haji sadzamuuza. Wajiha atanyamuka, dokotalayo anagwira mkono wake.

"Ndine ndinati roba, Hajja. Ndinafuna kuti mumve msanga. Ndinanena theka, theka linalo ndinalisiyira pepala."

Wajiha analibe mphamvu zomutonthoza. Anatuluka, mphika anausiya padesiki pomwepo.

A Mifleh anatsitsimuka m'mawa mwake, maso ali mbee, monga amachitira anthu ena ulendo ukayandikira. Anamwino analola Wajiha kulowa atavala chovala cha pepala ndi magolovesi. Anakhala pambali pa bedi ndipo sanazungulire. Anawauza zonse zimene dokotala ananena, chifukwa sakanatha kuwalola kupita akuganiza kuti iye ananena zoona pansi pa mpesa paja. Anati anali ndi kukayika kuyambira tsiku loyamba, ndipo anakubisa chifukwa cha kunyada. Anayembekeza kuti atembenukira kukhoma.

Iwo anangofunsa za Ibtihal. Anawauza kuti akuyenda, akuchapa matewera yekha.

"Basi, zakwana. Ine ndinadziwa kale, Wajiha. Tsiku lachitatu lomwe mimba inandiuza. Za m'botolo zinkagwira ntchito m'kati, ndinkazimva. Zakozo zinkangokoma."

Anali asanamutchule dzina lake lenileni kuyambira tsiku limene Nayif anabadwa. Koma mkwiyo unafika msanga kuposa misozi.

"Munadziwa n'kukhala chete? Ine ndikusintha mbuzi, ndikuwonjezera mabulangeti ngati wamisala, inu mukundionerera?"

"Ndikanati chiyani? Upite ukagogode kwa Tamam, uti bwezani, tinalakwitsa? Mwana uja atayamba kumene kudya? Ndiponso mudzi wonse umve kuti dzanja la Umm Nayif linanama?" Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Ndinkati mwina ndipirira mpaka timabotolo tithe. Ndinadziyesa wamphamvu. Apo ndiye ndinalakwitsa ine."

"Mwandisankhira umasiye osandifunsa, Abu Nayif. Manyazi ndikanawasenza. Ndikanagwada pakhomo pa Tamam mudzi wonse ukuona."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinakufunse."

Anamupempha chinthu chimodzi, kuti Tamam asadzadziwe, Ibtihal asadzadziwe, ngakhale Nayif asadzadziwe, chifukwa mwana uja sangathe kulera khanda lake atasenza mtembo wa nkhalamba pamsana. Wajiha anakana kulonjeza. Iwo anagwira golovesi yake ndi zala zopanda mphamvu, osaisiya, mpaka analonjeza. Namwino anabwera kudzati nthawi yatha.

Anamwalira Lachinayi masana, Nayif ali m'ndege. Anawaika m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, mwana wawo atafika ndi chikwama chake m'manja molunjika kumanda. Anthu anati matendawo anali atawafooketsa kale, anati zaka, anati mankhwala atsopano ena amawayanja ena ayi. Palibe amene analoza chala mphika, chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti dzanja la Wajiha silinama.

Masiku atatu a maliro m'nyumba ya Mifleh simunayake moto, monga mwa mwambo. Tamam ndiye ankaphika zonse n'kumadutsitsa mbale pampanda, maso atatupa ngati kuti wamasiye ndi iye. Wajiha anakhala pakona ya chipinda cha amayi atavala zakuda, akulandira manja ndi mawu omwewomwewo. Sankalira kwambiri, ndipo amayi ena anamuyamikira kuti ndi wolimba m'chikhulupiriro.

Tsiku lachitatu madzulo, anthu atachepa, Ibtihal analowa. Anali asanaonekere masiku awiri oyambawo chifukwa mayi ake ankaopa kuti angadwalenso m'chigulu. Masaya anali atabwerera. Kudzanja lina ananyamula khanda, kwina kabokosi kabuluu. Anagwada, anapsompsona dzanja la Wajiha n'kuligunditsa pachipumi pake, kenako anatsegula kabokosiko. Timabotolo tonse khumi ndi titatu tinali momwemo, totsukidwa bwino, ndipo mozungulira anadzazamo nkhuyu zouma ndi mtedza, poti chotengera cha mnansi sichibwerera chopanda kanthu.

Wajiha anayang'ana masaya aja ndipo kwa kanthawi anadana nawo. Anadana nawo ndi mtima wake wonse, ndipo anachita manyazi ndi chidanicho, chifukwa mwanayu anamuona akubadwa ndipo sanalakwe chilichonse. Ibtihal anati ankadikira kuti miyendo ilimbe adzathokoze a Haji ndi pakamwa pake, ndipo tsopano wachedwa. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Amayi, chikundisowetsa tulo n'chimodzi. Tinkamwa mankhwala amodzi, ine ndi iwo. Ine ndadzuka, iwo apita. Ndimadzifunsa kuti chifukwa chiyani ineyo."

Anadikira yankho, akumuyang'ana m'maso. Tamam anali ataima pakhomo ndi thireyi ya khofi, nayenso akudikira. Wajiha anatsala pang'ono kuulula choonadi. Ankafuna kuti munthu mmodzi yekha padziko lapansi adziwe chimene iye anachita, amutukwane kapena amukhululukire, chilichonse kusiyana ndi kuyamikiridwa kumeneku. Koma anali atalonjeza munthu amene sakanathanso kumumasula.

"Zinalembedwa, mwana wanga," anatero. "Linali tsiku lawo."

Amayi amene anatsala m'chipindamo anavomera pamodzi kuti zoonadi zinalembedwa, ndipo nkhope ya Ibtihal inapepuka. Wajiha anadziwa kuti wasenzetsa Mulungu mlandu wake, ndipo adzauyankha yekha. Anatambasula manja n'kulandira khanda lija kuti mayi wake amwe khofi. Linali lolemera, lofunda, lonenepa bwino m'ntchafu, ndipo atalifungatira ndi pamene kulira kunamutulukira, kulira kwenikweni kokweza mawu kumene anakumeza masiku atatu, moti Tamam anaika thireyi pansi n'kuthamangira kudzamugwira.